Anandipulumutsa Amene Ndinalowa M'malo Mwawo

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Tiyamike wa ku Biwi, ndipo ndikufuna ndichitire umboni za sabata imene ntchito inatsala pang'ono kundithera.

Ndinkasamalira pulogalamu ya pawebusaiti ya kachipatala kena ku Kawale. Anaiyamba ndi Bambo Chisale, amene anachotsedwa chifukwa chodwaladwala, ine n'kulowa m'malo mwawo. Mu pulogalamuyo iwo anasiya chigawo chamaziko, chimene timati kalasi, chotchedwa Wodwala. M'kati mwake munali kakalasi ka malangizo, Meta, kolamula kuti odwala kwambiri azioneka poyamba. Ine ndinalemba kalasi ya amayi oyembekezera yotengera zonse kwa Wodwala, n'kuipatsa Meta yakeyake kuti dzina la kalasiyo lizioneka m'Chichewa. Maina ndi zaka za amayiwo zinkabwera bwinobwino. Koma tsiku lina kompyuta inaika kumapeto kwa mndandanda mayi wothamanga magazi, mwamwayi namwino anamuona msanga.

Mwini chipatala anati likafika Lachisanu zisanakonzeke, ndione msewu. Abale, ndinalira! Mayi anga ankadalira ine. Ndinafufuza mpaka maso kuwawa, koma osaona cholakwika. Pemphero langa linangotsala lakuti, “Ambuye, ndatopa.”

Lachinayi mayi anga anandikakamiza kuperekeza amayi a mvano kukaona wodwala ku Area 23. Ndinapita monyinyirika, laputopu ili m'chikwama. Kulowa m'nyumbamo, wodwalayo anali Bambo Chisale! Manyazi anandigwira, ndinangokhala kukhomo. Amayiwo atatha kuyimba nyimbo, Bambo Chisale anandifunsa za kuntchito, ine n'kuwafotokozera misozi ili mbwe.

“Tatsegulani laputopuyo tione,” anatero.

Analoza ndi chala. “Mwana wanga, kalasi ikatengera kwa kholo, imatenga ndi Meta yomwe. Koma mukailembera Meta yake, ya kholo imasiyidwa. Lembani kuti Meta yanuyi nayonso itengere kwa Meta ya Wodwala.”

Ndinasintha mzere umodzi wokha, odwala kwambiri n'kubwerera pamwamba.

“Bambo, ine si ndinakulandani ntchito?” ndinafunsa.

Anaseka mpaka kutsokomola. “Ndinkapemphera kuti aliyense wolowa pamenepo imuyendere bwino. Lero ndamuona.”

Ntchito sinandithere. Bambo Chisale anatisiya mvula isanagwe, ndipo ndinayimba nawo pamaliro awo. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha moyo wawo. Inu amene mwatopa lero, musafooke. Ine ndinkaopa ngakhale kuwapatsa moni, osadziwa kuti iwo ankandipempherera.