Mafomu a achemwali a Teleza

Malemu achemwali anga, a Teleza Namaona, anabadwa pa 9 Juni 2001 kumalaini a esiteti ya tiyi kufupi ndi Makwasa. Ine ndine mng'ono wawo Tisungane, wa Sitandade 8. Amalume a Everson ati mbiriyi ndiwerenge ndine poti iwo mawu awathera.

Pulayimale anaphunzira konkuno, Loweruka akuthandiza amayi kutchola tiyi. Mu 2021 anasankhidwa kupita kukoleji ya zaulimi. Sanakwatiwe. A Jacob a ku Chimaliro anayesetsa ndithu, koma izo tizisiye.

Ali kukolejiko anayamba kulembera sikolashipu yokaphunzira kunja, ija amalembera anthu masauzande n'kungotenga khumi. Mu 2022 anawakana. Mu 2023 anawakananso. Iwo ankangoseka, amvekere fomu imaphunzitsa ngakhale akukane. Funso lina linkati utchule vuto la kwanu lomwe ukufuna kuthetsa, ndiye holide yonse anathera pasikelo ya tiyi, kufunsa azimayi za kulemera kwa dengu ndi kupweteka kwa msana. Ambiri mwakhala apa munawayankha. Anaphunziranso kugogoda maofesi a akuluakulu kupempha kalata, munthu amene kale ankaopa ndi kapitawo yemwe.

Mu Januwale chaka chino anawaitana ku intaviyu. Anandiuza ndili ndekha, n'kundichenjeza kuti ulendo salengeza usanapse. Koma pakamwa panga mukupadziwa. Ndinangouza mnzanga mmodzi kumjigo, pofika madzulo malaini onse akuwatchula Akunja. Patatha sabata mutu unawayamba. Anatisiya pa 3 Febuluwale ali m'chipatala, adokotala akuti malungo a m'bongo. Zomwe zikunong'onedwa kuseriko ndazimva, ndipo sinditchula munthu. Chikundiopsa ine n'choti mwina ndinatsegula khomo ndine.

Anandisiyira fomu ya sikolashipu ya sekondale, tinali titalemba limodzi theka. Amayi akufuna ilowe m'bokosimu, akuti mapepala awadyera kale mwana mmodzi. Amayi, nanenso ndikuopa, mwina kuposa inu. Koma fomuyo musaifunenso m'nyumba. Ndinaimaliza, ndipo ahedi atabwera kudzapepesa dzulo ndinawapatsa. Ndanenera pagulu dala, kuti pasakhale wokamvera kumjigo.

Malemu asiya amayi, achimwene a Anderson, ndi ine. Tikuthokoza ampingo, anzawo a kukoleji, adzukulu okumba manda, ndi azimayi otchola tiyi amene ajomba kuntchito kuti akhale nafe.

Achemwali, musandikwiyire. Mzimu wanu uuse mumtendere.