Njerwa za Mayi Anjelina Sizipita Kumanda

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1897 ku Nkhotakota, tsidya lija. Dzina la ubatizo ndi Anjelina. Kwawo ankawaitana kuti Nangondo. Kuno ambiri mumawadziwa ndi dzina lina, Mama Matofali, mayi wa njerwa. Munalipereka ngati chitonzo. Iwo analitola, naliyankha mpaka dzulo.

Bambo awo anali owotcha njerwa pa mishoni. Malemu anakulira pa uvuni. Asanadziwe kusinja, ankadziwa kale dothi loyenera chikombole ndi dothi longonamiza maso. Mu 1905 anayamba sukulu. Mu 1909 anawasiyitsa ali Sitandade 2. Akuti mtsikana akatha kuwerenga nyimbo za m'buku, ndiye kuti wamaliza. Ntchito ya uzamba anaiphunzira kwa azakhali awo, pamphasa.

Pa 7 Juni 1919 anamanga ukwati woyera ndi Bambo Harrison Mtaya, mmisiri womanga nyumba, amene anali atangobwerako ku mtengatenga wa nkhondo. Mu 1923 banjali linawoloka pa sitima kudzakhala kuno ku Mbamba Bay. A Harrison ankamanga maduka a amalonda. Malemu ankachiritsa amayi. Sankafunsa kuti uyu ndi wa kuno kapena wa tsidya. Ankangotenga nsalu, n'kumapita. Ambiri mwakhala panonu, munthu woyamba kukugwirani mutu anali iwowa.

Pa 22 Febuluwale 1939 mwana wawo woyamba, Emma, anadwala matenda a amayi. Khanda linagona chopingasa. Manja amene anathandiza ana a eni analephera pa mwana wawo. Chipatala chinali ulendo wa tsiku lathunthu. Anamunyamula pa machira. Mtsinje anaupeza utadzaza. Emma anatsirizikira pagombe la mtsinjewo, mutu uli pamiyendo ya mayi ake, khanda lili m'mimba. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Chaka chomwecho malemu anakaima pamaso pa dokotala amene ankayendera magombe ano kawiri pa chaka. Anapempha chinthu chimodzi: mzamba wophunzira, wa zitsulo ndi mankhwala, wokhala pompano. Dokotala anayankha kuti sangatumize munthu m'khumbi la udzu. Pakhale nyumba ya njerwa zowotcha, ya zipinda ziwiri, denga losadontha, mzamba abwera. Mwina ananena pofuna kuti mayiyo achoke. Malemu anamva ngati lonjezo. Kuyambira tsiku limenelo analibenso nkhani ina.

Mu 1941 a Harrison anakumba maziko. Mu 1942 chibayo chinawatenga. Anthu anati nkhani ya nyumba yapita nawo kumanda. Malemu anavula zakuda, natenga chikombole cha amuna awo.

Uvuni woyamba, wa 1944, unawakana. Dothi la pagombe ndi mchenga wokhawokha. Njerwa zinkafumbutuka m'manja ngati chigumu. Kunali kuseka pamsika. Ena ankawafunsa ngati nyumbayo akumangira mimba yawo, pa ukalamba umenewo. Malemu ankayankha kuti wofunsayo anamuona asanavale kanthu, ndipo ngakhale tsiku limenelo pakamwa panali patali. Anakwera phiri, napeza katondo wabwino. Ankamutsitsa pamutu, dengu limodzilimodzi. Uvuni wa 1946 unapsa bwino. Khoma linafika m'chiuno.

Tsopano tifike pa 1949. Abusa, akuluakulu, mutikhululukire. Tinapemphedwa kuti chaka chimenechi tichidumphe. Sitichidumpha.

Mu 1948 malemu anachedwa kuumba, chifukwa chilimwe chonse anathera m'zikuta za ana anu. Disembala anapeza zidina zili pabwalo, zikuuma. Mvula inachedwa. Chinangwa chinayamba kufota. Kenaka mawu anayamba kuyenda: mayi uja wamanga mvula kuti njerwa zake zisanyowe. Anayambira pachitsime. Anafika pabwalo la milandu. Analowa ndi m'tchalitchi momwe.

Lachitatu pa 19 Januwale 1949, dzuwa lili paliwombo, khamu linafika ndi misi ndi makasu. Linabwera likuimba. Zidina zonse linaphwanya. Silinalekere pomwepo. Linagwetsanso khoma la njerwa zowotcha kale, zimene mvula sikanazichita kanthu. Anthuwo anawakokera malemu kunyanja, nawamiza katatu, akuti mvula imasuke. Dzanja lamanja linathyoka pawiri. Ankawakuwiza kuti mgeni, mlendo, abwerere kwawo. Munthu amene anakhala kuno zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Munthu amene mwana wake ndi mwamuna wake agona m'dothi lino.

Ndipo ife a tsidya tisaloze chala eni dziko okha. Amalonda athu anatseka maduka, n'kumasuzumira m'mazenera. Palibe anatuluka. Ife ana a mlongo wawo tinali ku Tanga, ku Dar es Salaam, kulikonse kupatula kuno. Tinamva pa kalata. Sitinabwere. Mlandu umenewo ndi wathu.

Nanga mvula inabwera? Sinabwere. Chaka chimenecho chilala chinafika mpaka ku Blantyre, kumene dzina la Anjelina sanalimvepo. Mayi mmodzi wamasiye, ndi chikombole chimodzi, kumanga mvula ya mayiko awiri? Wopepesa sanaoneke. M'malo mwake akulu a mpingo anawaimitsa mgonero zaka ziwiri, akuti anakhumudwitsa ofooka. Othyola dzanja ankalandira. Wothyoledwa ankakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo. Lamulungu lililonse ankabwerabe.

Ana awo anawachonderera kuti awoloke, akapume kwawo. Anakana. Anati Emma sanafere ku Nkhotakota. Dzanja linapola mokhota. Patangopita miyezi inayi, mmodzi wa amene anagwira musi tsiku lija anagogoda pakhomo pawo, mkazi wake ali pakati pa moyo ndi imfa. Malemu sanamufunse kanthu. Anapita, nachiritsa ndi dzanja lamanzere. Bamboyo ndi a Thadei. Atilola kuwatchula. Chaka chotsatira anabwera ndi bwato lodzaza nkhuni kuchokera ku Ndumbi, ndipo sanaphonyepo chaka. Mwa khamu lonse lija, amene anabwerera ndi mmodzi yekhayo.

Kuyambira 1951 malemu ankaumba mu Juni ndi Julayi basi, kuti pakamwa pa anthu pasowe chonena. Choncho ntchito inkayenda pang'onopang'ono. Mayi Yusta a ku Chiwanda ankaponda dothi. Malemu ankadzaza chikombole ndi dzanja limodzi. A Fexon, mwana wawo, ankamanga akaweruka ku ntchito. Dokotala wa lonjezo uja anapita kwawo. Anabwera wina, nati sakudziwapo kanthu. Malemu anayenda wapansi kukamukumbutsa, katatu. Ulendo wachitatu anamusiyira njerwa imodzi patebulo.

Mu Epulo chaka chino kalata inafika. Dokotala adzaona nyumbayo pa 30 Sepitembala. Akapeza makoma atatha, denga lili pamwamba, mzamba abwera. Akapeza ayi, mzambayo apita kudera lina, ndipo nkhani yatha. Makoma pano ali pamwamba pa mazenera. Mitengo ya denga ilipo. Chatsala ndi mizere isanu ndi umodzi ya njerwa.

Mu Julayi malemu anapanga uvuni wotsiriza. Anali akutsokomola kale. Anthu anawauza kuti akhale pansi. Iwo anati moto wa njerwa sasiyira munthu wosadziwa mtundu wa utsi. Masiku atatu anakhala pakamwa pa uvuni. Tsiku lachinayi anagwa. Chifuwa chinatseka. Anakana machira. Anati njira imeneyo anaiyenda kale, ndipo akuidziwa kumene imathera. Anatisiya dzulo, Lamulungu pa 11 Ogasiti 1957, m'mawa, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi. Uvuni sunatsegulidwe.

Dzulo lomwelo, thupi lisanasambitsidwe, kunabwera nthumwi za akuluakulu. Zinabwera ndi ulemu wonse, zipewa zili m'manja. Akuti mayi wotchuka chotere sangagone pansi pa mulu wa dothi. Akuti mudzi wagwirizana kuwamangira chiliza chachikulu, choonekera pa sitima, cha mtanda pamwamba. Njerwa zake? Akuti zilipo kale, mu uvuni muja. Mwa nthumwizo, nkhope zina tinazizindikira. Mayina tili nawo. Sitiwatchula pamaso pa bokosi.

Yankho la banja ndi ili, ndipo limveke mpaka kumbuyo uko. Ayi. Munaphwanya njerwa zawo ali moyo. Simuzikwirira atamwalira. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu mayiyu sanaumbire manda. Njerwa zija zawerengeredwa khoma, ndipo palibe yapadera. Mukachotsapo za chiliza, denga silikwera. Denga likapanda kukwera, mzamba sabwera. Ndipo mvula ikadzagwa, mwana wa wina mwa inu adzagona pagombe la mtsinje uja. Ulemu wotero tausiya m'manja mwanu.

Malemu asiya ana awiri, a Fexon Mtaya ndi Mayi Bertha a ku Ngumbo. Asiya zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi mlongo wawo mmodzi, a Efraimu, amene ukalamba wawaletsa kuwoloka. Asiyanso ana osawerengeka amene anawadula mchombo.

Tikuthokoza Mayi Yusta, amene anaponda dothi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndi amene anawatseka maso. Tikuthokoza a Thadei. Tikuthokoza adzukulu okumba manda, amayi a nyimbo, asodzi amene lero sanalowe m'madzi, ndi onse obwera ndi ufa ndi nkhuni. Abusa, zikomo potilola kumaliza.

Chotsiriza. Pochoka kumanda sitidzera njira ya kumsika. Tidzera pa uvuni. A Fexon autsegula. Aliyense atenge njerwa ziwiri, akazitule pakhoma. Wamanyazi abise nkhope, koma anyamule. Madzi osamba m'manja mukawapeza kumeneko, osati kuno. Tatsala ndi masabata asanu ndi awiri.

Mayi Anjelina Nangondo agona pansi pa dothi wamba, monga anagonera Emma. Ntchito yawo agwira. Mzimu wawo uuse mumtendere. Ife ndiye tisause, mpaka denga litakwera.