Khutu la kumsewu

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ine zoyankhula pagulu sindizitha, koma lero ndati ayi, ndichitireko umboni.

Ambiri mumandidziwa, ndimapalasa kabaza kuchoka pa boma kukafika kumalire. Chimene simudziwa n'chakuti khutu langa lamanjali lakhala likutuluka mafinya kuyambira ndili mnyamata. Ndinkangolitokosa ndi nthenga ya nkhuku, n'kutseka ndi thonje, chipewa pamwamba, basi. Koma kumva kunkapita pang'onopang'ono. Tsono abale, wanjinga amayenda kumanzere, ndiye khutu lamanja ndi limene limayang'ana kumsewu. Ndi limene limakuuza kuti thiraki ikubwera kumbuyo.

Tsiku lina ndinanyamula mayi wina atabereka mwana. Thiraki inaliza huta, ine osamva. Ndinangozindikira chimphepo, tonse m'ngalande! Mulungu ndi wabwino, palibe anavulala. Mayi uja atadzuka sanandikalipire ayi, anangoti, "Bambo, mudzapha anthu." Mawu amenewo anandipweteka, abale, anandipweteka. Ndinaona kuti njinga ndiisiya basi. Nanga ana adya chiyani?

Kuchipatala adokotala atayang'ana anati, "Mankhwala odonthezera alipo, koma pamafinya sagwira. Muziyamba mwapukuta ndi kansalu koyera mpaka muume, kenako mugone cham'mbali wina akudonthezereni. Nthenga ija mutaye, madzi asalowemo, ndipo likauma musasiye mpaka masiku atakwana."

M'mawa ndi madzulo ankandithandiza mayi akunyumba. Vuto linali masana, ndili pa siteji. Munthu wamkulu ndi ndevu zanga, kugona pa benchi anthu akuona? Ndinayesa ndekha choimirira, mankhwala onse m'tsaya. Ndiye pali wakabaza mnzanga wina amene timalimbirana makasitomala, moni weniweni sitinkapatsana. Anangobwera n'kundilanda kabotolo. "Gonani apa madala, mukuwononga mankhwala." Anzathu kuseka: "Eee, mwana wagona, muimbireni nyimbo!" Iye osalabadira. Dzuwa likafika paliwombo ankabwera, ngakhale kasitomala akumukodola. Fungo limene ine mwiniwake ndinkachita nalo manyazi, iye sanatsinyepo nkhope.

Lero khutu ndi louma. Sindinama pamaso pa Mulungu, silimva ngati linzake, ndipo adokotala ati ndizipitabe azikaliona. Koma dzulo ndinanyamula bambo wina wokalamba. Tikuyandikira pokhota paja, ndinapatukira pambali n'kuima. Iwo akuti, "Nanga taimiranji? Msewu uli mbee!" Ine ndinati, "Dikirani pang'ono, bambo." Tinadikira. Kenako chithiraki chinatulukira, n'kudutsa. Ndinali nditachimva chikadali kuseri kwa phiri.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza. Ndekha sindikwanitsa, abale, ndithandizeni. Amayi, nthungululu zija musaumire, ziimbeni chakumanjaku ndizimve bwino.