Mantha Anga Abwerera

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni. Mwandiona ndikutsimphina pobwera kutsogolo kuno, ndiye mumve nkhani ya mwendowu.

Ambiri mukundidziwa, ndine msodzi wa kudambo la Ndindi. Chimene simunkachidziwa n'chakuti ndisanakwere bwato ndinkayamba ndasuta fodya wamkulu. Ee, chamba, abale, ndichitchule dzina lake. Ndinkasuta kuti ndisaope ng'ona. Ukasuta, dambo lonse limaoneka ngati madzi a m'beseni.

Ndiye wailesi inalengeza kuti boma laloleza chamba cha mankhwala. Ine ndinangotolapo liwu limodzi lokha: mankhwala. Mayi akunyumba, ndi awo akhala apowo, akandidzudzula ndinkawayankha monyada kuti ndikumwa mankhwala, ngakhale boma likudziwa.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, ukonde unakodwa m'bango, pamalo pamene aliyense amadziwa kuti pali ng'ona. Anzanga anakuwa kuti ndiusiye. Ine, nditakhuta utsi, ndinatsika m'bwato ndikuseka. Ndikuseka, abale! Inandigwira pakatumba apa. Anzangawo anaimenya ndi nkhafi mpaka inanditaya.

Kuchipatala ululu utakula, ndinapempha adokotala kuti andipatse chamba, poti ndi mankhwala. Sanakwiye ayi. Anandifotokozera kuti m'chamba muli chinthu chotchedwa THC, chimene chimaledzeretsa, ndipo n'zoona kuti chimathandiza odwala ena, monga a khansa amene akusanza n'kumalephera kudya. Koma chimaperekedwa ndi dokotala, pa mlingo wake, kwa munthu wodwala. Kenako anandifunsa:

"Nanga inu bambo, ng'ona isanakugwireni, munkadwala chiyani?"

Ndinati, "Mantha."

"Mantha si matenda. Akanakhalapo tsiku lija, bwenzi mwendowu uli bwinobwino."

Ndinalira, abale. Bambo wamkulu ngati ine, ndinalira. Mulungu anandipatsa mlonda, mantha amenewo, ine n'kumamugoneka ndi utsi m'mawa uliwonse.

Ndinasiya. Sizinali zophweka ayi. Chakudya sichinkalowa, ndinkapsa mtima ndi zilizonse, mayiwa akhoza kuima n'kuchitira umboni wawowawo. Bala linapola, koma funso linatsala. Kodi ndingabwererenso pamadzi popanda fodya? Nanga ndikapanda kupita, ana adya chiyani?

Lachiwiri lapitali ndinapita. Ndinapemphera padoko, n'kukwera bwato. Mukudziwa chimene chinachitika? Ukonde unakodwanso m'bango. Ndinayang'ana madzi aja, mantha anandigwira, ndipo sindinatsike. Ndinatenga mpeni, kudula, mbali ina ya ukonde kuisiya pomwepo. Ndinafika kunyumba ndi milamba isanu yokha ndi ukonde wong'ambika, koma ndinafika ndikuyenda ndekha, mutu uli bwinobwino, ndipo ana anadya. Mawa ndipitanso.

Takhuta, Yesu. Takhuta, tathokoza. Imirirani mukondwere nane, abale, ombani m'manja, amayi lululuzani, chifukwa ine lero ndikuopa ng'ona.