Nkhuni za Maliro Anga

Abusa, ndakupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Akulu ampingo, amayi anzanga, abambo, achinyamata, ndi inu ana mwakhala pamphasa apo, mtendere ukhale nanu. Aleluya! Ndikufuna kuchitira umboni. Chikuni ndanyamulachi musachiope, sindinabwere kudzamenya munthu. Ndichiika apa kaye, tichipeza kumapeto.

Amene mwabwera kumene simundidziwa. Ndine Nambewe, mai ake a Tadala. Kwathu ndi ku Nathenje, kuno ku Mitundu ndinabwera pa chitengwa. Koma inu akalekale mukukumbukira mmene ndinalili. Musaseke mobisa, sekani ndithu! Benchi iyo, ndikakhalapo ine, pamatsala malo a munthu mmodzi, nayenso woonda. Akabaza pamsika akandiona ndikubwera ankayang'ana kumbali ngati sakundiona. Ndinkagulitsa mandasi ndi zitumbuwa, koma kasitomala woyamba ndinali ine ndemwe. Nsima mitanda inayi, nyama ya pachiwaya, thobwa la shuga wambiri. Anthu ankati, “Nambewe, bambo a Tadala akukusungani bwino.” Ine n'kumakondwa.

Kenako mutu unayamba kundiwawa kunkhongo kuno, maondo nawo kulira. Nditapita kuchipatala, anesi anandiyeza, n'kubwerezanso, n'kuitana mnzawo. Anati, “Amayi, bipi yanu yakwera kwambiri, ndipo shuga ali pakhomo. Mukapanda kuchepetsa thupi...” Sanamalize, ndipo sanafunikire kumaliza. Abale, amayi anga ondibereka anali a thupi ngati langa. Anagwa pachitsime, mbali imodzi n'kufa ziwalo, pakamwa n'kupotoka. Tinawatembenuza pamphasa zaka ziwiri, ine ndi akulu anga, mpaka anatisiya. Tsiku limenelo kuchipatala ndinaona nkhope ya amayi anga, ndipo ndinachita mantha.

Ndinamvera malangizo. Mandasi ndinasiya kulawa, shuga ndinasiya, mitanda inayi inakhala umodzi, masamba n'kuchuluka. Kumsika ndinkayenda wapansi. Thupi linayamba kutsika bwinobwino, mutu unasiya, maondo anakhala chete. Chitatha chaka anesi anandiombera m'manja. Anati, “Mwafika, amayi. Musatsikenso. Tsopano muziwonjezerako pang'ono chakudya kuti thupi liime pomwepa.”

Mverani bwino, amayi anzanga, chifukwa apa ndi pamene mdani analowera. Kutsika ndinaphunzira, koma kuima sindinkadziwa. Pang'ono ndiye zingati? Ndinawonjezera mtanda umodzi ndi mbatata masiku awiri, ndipo ndili pamsika ndinakwera sikelo ya anthu oyeza thupi aja. Muvi unasuntha! Unakwera! Mtima unagunda ngati ndaona njoka m'nyumba. Mawu anabwera m'mutu mwanga akuti, “Waona? Masiku awiri okha. Ukapitiriza, ukagona pamphasa ya amako.” Ndinabwerera ku mtanda umodzi. Mawu aja sanakhutire. Ndinafika pa theka.

Mvula inagwa. Mukudziwa nonse ntchito ya dzinja: kudzala, kupalira, kubandira, kuthyola fodya. Ine ndinkagwira yonseyo ndi kachidutswa ka nsima ndi nkhwani zopanda nsinjiro. Chakudya chimene ndinkadya nditakhala pamsika, ndinachichepetsanso, n'kupita nacho kumunda kukagwira khasu. Chitenje chinayamba kundizungulira kawiri. Tsitsi linkatsalira m'chipeso. Masana dzuwa likuswa mtengo, ine ndili ndi juzi, ndikunjenjemera. Ndikadzuka pansi, dziko linkada bii.

Ndiye anthu anayamba. Inu mukudziwa, kwathu kuno munthu saonda chabe. Pachitsime ndikafika nkhani inkaduka. Makasitomala a mandasi anasamukira kwa mnzanga. Ena a inu muli muno munkandipatsa moni ndi mawu apansipansi aja opatsira wodwala. Sindikukudzudzulani, inenso ndikanatero. Bambo a Tadala ananditenga kukayezetsa magazi tonse awiri, sanatipeze ndi kachilombo. Anayeza chifuwa chachikulu, palibe. Anesi anandifunsa kuti, “Kodi mukudya?” Ndinati, “Ndikudya.” Ndinkakhulupiriradi kuti ndikudya, abale. Apongozi anga anati ndi tsempho, anayamba kuyang'ana mwana wawo ndi diso loipa, ati wayenda njira zosayenera. Munthu wosalakwa ankangoweramitsa mutu.

Tsiku lina ndikubandira ndinagwa pakati pa mizere. Sindinamve chilichonse. Ndinatsitsimuka ndili pakhonde, atandithira madzi. Bambo a Tadala anaimbira foni amalume anga ku Nathenje, monga mwa mwambo wake, kuti matenda akula. Amalume anabwera ndi kagalimoto kobwereka. Anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi akuchimuna, ine ndili m'nyumba, khoma lokha pakati pathu. Ndinamva amalume akuti, “Mwayesetsa, sitikukuimbani mlandu. Koma mbumba yanga ndiitenge idakali ndi mpweya. Zikachitika, zichitikire kwawo, pafupi ndi amake.”

Pafupi ndi amake! Amayi anga ali kumanda, abale. Ndinamva ndi makutu angawa.

Anandigoneka kumbuyo kwa galimoto pa matiresi. Tikudutsa pamsika, amayi anzanga anaimirira m'mbali mwa msewu manja ali kumbuyo, monga timaimira maliro akamadutsa. Palibe anakweza dzanja kunditsanzika. Titafika ku Nathenje anandilowetsa m'nyumba ya akulu anga, m'chipinda chomwe chija anagonamo amayi. Pakona pomwepo. Ndinkathawa mphasa imeneyo ndi njala, ndipo njala yomweyo inandifikitsa pamenepo.

Chipindacho chili ndi kawindo koyang'ana kuchigafa cha fodya. M'mawa mwake ndinaona mlongo wanga wamkulu akutsitsa nkhuni panjinga, n'kuziika m'chigafa kuti zisanyowe. Tsiku linalo anabwera wamng'ono ndi zina. Sizinali nkhuni zophikira ndiwo ayi. Zinali zikuni zikuluzikulu, zija zimayaka osazima anthu akakhala pasiwa. Ankaziika mwakachetechete, osayang'ana kuwindo kwanga. Mulu unkakula, ine ndikuona.

Ndinafunsa akulu anga, “Achemwali, nkhuni zonsezi n'zachiyani?”

Anati, “N'zowotchera njerwa.”

Ndinati, “Njerwa, mvula ili pakati chonchi?”

Anatola mbale n'kutuluka.

Abale, mudaonapo nkhuni za maliro anu? Ine ndinaziona. Amayi a m'mudzi ankabwera kudzandizonda, n'kumaimba nyimbo zija zokoka, za ulendo wa kumwamba. Ankaimba bwino, koma ine ndinkamva kuti akuyeserera. Ndipo tamverani kuuma mtima kwa mdani: ndikuona nkhunizo, ndikumva nyimbozo, koma akulu anga akabweretsa phala la nsinjiro, mawu aja ankati, “Muli mafuta umo.” Ndinkanyambita sipuni ziwiri, akatuluka n'kukhuthulira pawindo. Kunja kunali galu wawo, Tilibe, woonda nthiti zokhazokha. Sanachedwe kuzolowera. Ankangokhala pansi pawindo mchira uli gwedegwede.

Mulungu amagwiritsa ntchito chilichonse, ngakhale galu. Aleluya! Tilibe anayamba kusalala, ubweya kuwala. Akulu anga si munthu wopusa. Tsiku lina anatuluka ndi dala, n'kuzungulira kuseri, n'kundipeza mbale ili pawindo. Sindinawaonepo atakwiya chotero. Analowa misozi ili mbwembwembwe.

Anati, “Iwe! Ife tikugona ndi chisoni, alamu akunamiziridwa chigololo, iwe ukunenepetsa galu?”

Ndinalira. Ndinati, “Achemwali, ndikadya ndinenepanso. Ndikanenepa ndigwa ngati amayi. Sindifuna mudzanditembenuze pamphasa.”

Anandigwira chibwano n'kundilozetsa kuwindo. Anati, “Tayang'ana uko. Unafunsa, lero ndikuyankhe. Si za njerwa izo. N'zako. Amayi tinawatembenuza zaka ziwiri, iwe mwezi uno sumaliza.”

Chinandilasa mumtima. Tsiku limenelo abusa athuwa anafika panjinga yamoto kuchokera kuno, atanyowa ndi mvula. Abusa, mukukumbukira. Ndinawauza zonse. Sanandidzudzule. Anati, “Amayi, Mulungu sanatipatse mzimu wa mantha. Tipemphera, koma mawa mupite kuchipatala mukanene zoona.” Anapemphera, ndipo koyamba ndinamaliza kapu ya phala, ndikulira.

M'mawa tinalowera msewu wa ku Nkhoma panjinga yamoto, ine pakati, akulu anga kumbuyo atandigwira kuti ndisagwe. Kuchipatala anandiyeza zonse, kenako ananditumiza kwa mayi wina woona za kadyedwe. Ndinawauza za theka la mtanda, za khasu, za muvi wa sikelo uja. Anapukusa mutu. Anati, “Amayi, thupi lili ngati moto. Chakudya ndiye nkhuni zake, ndipo mphamvu yake timaiwerenga m'makalori. Ngakhale mutagona osagwira ntchito, mtima ndi mapapo zikuwotcha. Mukagwira khasu moto umakula. Mukaumana nkhuni, umayamba kudya mitengo ya nyumba yomwe. Kwa inu, motowo wayamba kudya minofu yanu.”

Atatchula nkhuni, ine ndi akulu anga tinayang'anana.

Ndinati, “Nanga muvi uja unakwereranji masiku awiri okha?”

Anati, “Amenewo sanali mafuta. Munthu ukawonjezera chakudya, thupi limasunga madzi, ndiponso chakudyacho chimakhala chidakali m'mimba. Mukanadikira, muvi ukanakhazikika. Muyeso wochepetsera thupi ndi wina, wosungira thupi ndi winanso, ndipo wachiwiriwu ndi wokulirapo.”

Ndinati, “Ndiuzeni wangawo, ndiutsata.”

Anati, “Lero sindingakuuzeni. Ngakhale zowerengera za m'mafoni zija zimangoyerekeza. Tiufufuza tonse. Poyamba mubwezeretse thupi limene mwataya. Muziwonjezera pang'onopang'ono. Muzikwera sikelo imodzimodzi, m'mawa musanadye, osati tsiku lililonse. Tiziona masabata angapo pamodzi. Pamene muvi udzaleke kutsika, n'kulekanso kukwera, inu muli ndi mphamvu zogwira ntchito, pamenepo ndiye panu.”

Titabwerera kunyumba, akulu anga sanapite kukhitchini. Anapita kuchigafa. Anakoka chikuni chimodzi n'kuchiwaza ndi nkhwangwa alongo anga akuona. Anati, “Mwini wake wabwera, akufuna nkhuni zake.” Anaphikira phala langa pa nkhuni zimenezo. Tsiku ndi tsiku, phala la chiponde, nyemba, usipa, mbatata, zonse zinkapsa ndi nkhuni za maliro anga. Kale ndinkayang'ana pawindo mulu ukukula. Tsopano ndinkayang'ana ukuchepa. Tilibe yekha ndiye anadandaula, anabwerera ku nthiti zake.

Musaganize kuti zinayenda myaa. Mawu aja sanafe. Nthawi ya mondokwa, maungu ndi mtedza wauwisi, thupi linadutsa pamene tinagwirizana, siketi n'kuyamba kuthina. Mantha anabwera onse monga kale, akuti, “Bwerera ku theka.” Ndinagwada, kenako ndinapita kwa mayi aja. Anaseka, anati, “Chotsani kanthu kamodzi kokha, osati mbale yonse.” Ndinasiya mbatata ya madzulo, basi. Muvi unaima. Mwezi unatha uli pomwepo, wina unathanso uli pomwepo.

Lero ndikudziwa muyeso wanga. M'mawa phala, masana mitanda iwiri, madzulo umodzi, masamba ambiri, nyemba kapena nsomba zisasowe. Nthawi ya khasu ndimawonjezera, chilimwe ndikakhala pamsika ndimabwezako. Bipi ili m'malo mwake, ndipo ndimapitabe kukayezetsa. Koma ndikuchenjezeni, makamaka inu atsikana amene munkanditsata kuseri kwa tchalitchi ndikuonda, n'kumati ndikuuzeni chinsinsi. Muyeso umenewu ndi wanga, si wanu. Ndipo njira yotsikira ija ilibe chikwangwani chokuuzani kuti mwafika. Mukapanda kufunsa odziwa, mudzangozindikira anthu ayamba kukutolerani nkhuni.

Ndinabwerera kuno ku Mitundu nditakhala tsonga pa kabaza, osati chogona. Apongozi anapepesa mwana wawo. Bambo a Tadala ali apo, taimirirani anthu akuoneni. Munthu uyu ananyozedwa chifukwa cha ine, koma sananditaye. Akulu anganso abwera kuchokera ku Nathenje, ndi awo avala duku lofiira. Achemwali, zikomo.

Tsopano chikuni chija. Tsiku lochoka ku Nathenje ndinalowa m'chigafa, ndinapeza chatsala chimodzi chokha, ndi ichi. Alongo anga anachita manyazi, anati ndichisiye. Ndinakana. Ndikudziwa, abale, tsiku lina nkhuni zidzatoledwa ndithu, ndipo sindidzaziona. Palibe adzathawe. Koma izi ayi. Izi anatolera kuti muwothe polira ine, ndipo Yehova anazisandutsa zophikira chakudya changa.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditulutsa m'chipinda chija ndikuyenda ndi miyendo yanga. Ndikuthokoza abusa, ndi inu nonse amene munandipempherera. Amayi a kukhitchini, bwerani mutenge chikunichi, mukaphikire tiyi wa lero, timwe tonse. Amene munakonzeka kudzandiimbira nyimbo zokoka, imirirani mundiimbire yovina, ndili moyo ndikumva. Amayi, nthungululu zili kuti? Kondwerani nane! Aleluya! Ameni.