Zokolola za Puloti 14

A manijala athu, akuluakulu amene mwachokera kulikulu, akapitawo a zigawo zonse za nazale yathu ino, mayi akunyumba, ana ndi adzukulu, anzanga ogwira khasu ndi anzanga ogwira cholembera, ndakulonjerani nonse. Amene mwakhala pa matumba a feteleza kumbuyoko, pepani, mipando ndi yomweyi.

Ine ndine wa kuchigawo cha ndiwo zamasamba. Ntchito yanga ndi nsawawa. Bambo amene akupuma pantchito lerowa ndi a kuchigawo cha mitengo, ndipo tonse timawadziwa kuti a Suthamanga. Takhala mu ofesi imodzi zaka 26. Tebulo limodzi, zenera limodzi, ketulo imodzi. Pa zaka zonsezi sitinagwirizanepo kanthu. N'chifukwa chake komiti yasankha ine, akuti ndine ndekha amene sindingawanamizire zabwino.

Bambowa anafika pano zaka 34 zapitazo, atangomaliza maphunziro a ulimi wa zamasamba. Za mitengo sankadziwa olo pang'ono. Tsiku loyamba bwana wa nthawi imeneyo anawapatsa kambande kamodzi mu chubu chakuda, kutalika kwake ngati chala. Anati ndi mtengo wotchedwa sipurusi, wa kumalo ozizira, wosayoyola masamba chaka chonse. Anawalozera puloti 14 n'kunena kuti, "Kadzaleni uko, tione ngati ungakule."

Ine ndinali ndisanabwere, koma a dalaivala athu analipo, ndipo ndi awo akugwedeza mutu apowo. Akuti bambowa anadzala bwinobwino. Kenako anazika ndodo pambali pake n'kumangapo chingwe kuti mtengowo uyangepo, monga timachitira ndi nsawawa. M'mawa uliwonse ankapita kukaona ngati wayamba kukwera. Sunakwere. Patatha miyezi iwiri anayamba kufunafuna maluwa. Patatha miyezi itatu anatenga thumba, ulendo wokakolola. Anabwerako ndi thumba lomwelo, atalipinda bwino, n'kukagogoda kwa bwana.

"Bwana, mbewu ija yadwala."

Bwana anangotsegula kabati n'kuwapatsa buku. Bambowa anakaliwerenga Loweruka ndi Lamlungu, ndipo Lolemba anabwera ali munthu wina. Anazula ndodo ija, n'kulengeza kwa aliyense amene anakumana naye kuti, "Mtengo suthamanga." Dzina linagwira pomwepo. Chiyambire tsiku limenelo, iwonso anasiya kuthamanga. Moto utabuka mu sitolo ya mbewu, tonse tinatuluka liwiro. Iwo anayamba atseka zenera, n'kukankhira mpando pansi pa tebulo.

Ine nditangofika, anandifunsa kuti ndimalima chiyani. Ndinati nsawawa. Anandiyang'ana ngati ndanena kuti ndili ndi matenda opatsirana. Mkangano unayambira pamenepo, ndipo lero ndiufotokoze mopanda tsankho.

Nsawawa yanga ukadzala lero, sabata ya mawa yatuluka. Imatulutsa timanja n'kugwira chilichonse chili pafupi. Imachita maluwa oyera, imasunga ana ake m'makoko mwaulemu, imadyetsa anthu, imasiya chonde m'nthaka, kenako imafa osavutitsa munthu. Zonsezi miyezi itatu. Iwo amati chomera chosatha kuima chokha popanda ndodo si chomera, ndi mlendo.

Mtengo wawo ulibe maluwa. Ulibe makoko. Masamba ake ndi masingano, ndipo amene munakhalapo pansi pake mutavala siketi mukundimva. Dzinja ndi wobiriwira, chilimwe ndi wobiriwira, sudziwa n'komwe kuti kunja kwasintha. Buku limati mbewu zake zimakhala m'tizipatso touma tamamba, ndipo umayamba kubala ukafika zaka makumi atatu kapena makumi anayi. Wathuwu unasankha makumi anayi. Ine ndikati zengerezu adalinda kwawukwawu, iwo amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikatero timamwa tiyi.

Tsopano za fomu. Alendo mwina simukudziwa. Pano miyezi itatu iliyonse, puloti iliyonse imalembedwa lipoti pa fomu imodzimodzi. Fomuyo anailemba munthu wa nsawawa, mosakayika. Imafunsa tsiku lodzala, tsiku lochita maluwa, ndi kulemera kwa zokolola. Bambowa alemba fomu imeneyi ka 136. Pa maluwa amalemba kuti "Palibe." Pa zokolola amalemba kuti "Dikirani." Ka 136, ndi cholembera cha buluu, osaphonya tsiku. Kalaliki wina kulikulu anafika poganiza kuti Dikirani ndi mtundu wa mbewu, mpaka anaitanitsa thumba limodzi.

Mayi akunyumba, inu mwapirira. Ndimadziwa kuti Lachisanu lililonse bambowa amayeza mtengo uja ndi tepi n'kulemba m'kope. Mwana wanu wamkuluyu anandiuza kuti bambo ake amadziwa kutalika kwa mtengo pa chaka chimene iye anabadwa, koma chaka chenichenicho amayamba afunsa inu.

Taseka, tsopano ndinene zoona zina. Chaka chimene bambo a ana anga anamwalira, ndinachoka pano nsawawa zitangoyamba kuyanga. Sindinauze munthu chochita nazo. Mutu wanga sunali pano. Nditabwerera patatha milungu isanu ndi umodzi, ndinapeza mizere yonse itazikidwa ndodo, phesi lililonse litamangidwa ndi chingwe, mfundo zofanana ngati za makina. Ndinafunsa kuti wachita ndani. Aliyense anangoyang'ana kuchigawo cha mitengo. Nditawathokoza anati, "Ndimangodutsa." Munthu sadutsa mizere makumi anayi, bambo. Ndinalira tsiku limenelo, ndipo inu munanamizira kuti mukufuna china chake pansi pa tebulo mpaka nditamaliza. Sindinaiwale.

Ambiri mwa inu muli muno munaphunzira kugwira mbande m'manja mwa bambowa. Sanakalipirepo munthu. Ukalakwitsa amangoima pambali pako, chete, mpaka manyazi akugwire wekha. Mitengo imene yatuluka pa geti ili kupita m'masukulu ndi m'misewu, palibe angaiwerenge. Zikomo, a Suthamanga, chifukwa cha zaka 34 zimenezi.

Koma pali nkhani imene tonse tikuidziwa, ndipo takhala tikuizemba chiyambire m'mawa. Chaka chatha kulikulu kunachokera lamulo. Puloti iliyonse imene fomu yake sikuonetsa zokolola ichotsedwe zimene zilipo, padzalidwe zina. A manijala, sindikukunenani, lamulo silinali lanu. Koma pamndandanda, puloti 14 inali pamwamba penipeni. Bambowa analemba makalata atatu. Anafotokoza kuti kwatsala zaka zisanu ndi chimodzi zokha kuti mtengo ubale, tipeze mbewu zake zoyamba. Yankho linabwera la mzere umodzi, lakuti "Dikirani" si kulemera. Chifundo chokha chimene anawachitira n'chakuti macheka adzabwere iwo atachoka. Tsiku lake ndi Lolemba likubwerali.

Mayi anandiuza kuti kunyumba bambowa anasiya kumaliza chakudya. Phwando linonso anakana kawiri. Ngakhale panopa, taonani mmene akhalira. Asankha mpando wofulatira zenera, kuti asauone mtengo wawo.

Ndiye panachitika izi. Bambowa anali ataunjika masiku a tchuthi kwa zaka zambiri, ndipo ofesi inawakakamiza kuti awatenge onse asanapume. Miyezi itatu yathunthu. Pa miyezi itatu, mtengo wawo suchita kanthu. Koma ine ndimadziwa chomera chimene miyezi itatu imachikwanira.

Ndinawerenga lamulo lija kasanu. Silinena kuti zokololazo zichokere mu mtengo. Limangoti puloti. Tsiku limene munapita kutchuthi, bambo, ndinalowa mu puloti yanu popanda chilolezo, ndipo ndikupepesa. Ndinadzala nsawawa m'mphepete, mbali imene dzuwa limafikako maola awiri. Ndikuuzeni, chiyambire ntchito sindinalimepo malo oipa ngati amenewo. Mthunzi wokhawokha, nthaka yowawasa, masingano mpaka m'nsapato. Mtengo wanu ndi woipa mtima ngati mmene ndakhala ndikunenera. Pa mbewu makumi asanu zinamera zisanu ndi ziwiri. Zinabala zitatu. Ndinakolola makoko asanu ndi anayi.

Tinawaika pa sikelo, a kapitawo ali mboni. Magalamu 41.

Fomu yake ndi iyi. Ndinalemba ndi cholembera cha buluu. A manijala anasaina, kulikulu anadinda, ndipo kalata yawo inafika Lachitatu. Puloti 14 yachotsedwa pamndandanda, chifukwa ndi puloti yobala. Macheka sakubwera Lolemba.

Bambo, mukhoza kutembenuza mpandowo tsopano. Muwathandize, mayi. Musafulumire, tikudikirani, tinazolowera.

Koma musayambe kundithokoza, chifukwa pali vuto. Fomu imafuna zokolola chaka chilichonse. Ine ndilonjeza pamaso pa anthu onsewa kuti ndizidzala nsawawa pansi pa mtengo wanu mpaka tsiku langa lomaliza. Koma ine ndatsala ndi zaka zisanu kuti ndipume. Mtengo wanu ukufuna zisanu ndi chimodzi. Ndawerenga mobwerezabwereza, chaka chimodzi chikusowa mwini.

N'chifukwa chake anzanga akupatsani mpando wa ndalema ndi wailesi, koma ine mphatso yanga ndi kapaketi aka. Muli mbewu za nsawawa. Pitani kunyumba, kapumeni, kagoneni masana, kadyeni mpaka mbale iyere. Koma kuseri kwa nyumba mulimeko kamzere kamodzi chaka chilichonse, manja azolowere. Muli ndi zaka zisanu zophunzira. Chaka chachisanu ndi chimodzi tidzakutsegulirani geti, mudzagwade pansi pa mtengo wanu, mudzaupulumutse nokha ndi nsawawa.

Anzanga, imirirani. Tiwaombere m'manja a Suthamanga, mlimi wathu watsopano wa nsawawa.