Foni Yosiyiridwa

Pamzere wa m'shopu yokonza mafoni, mayi wina wovala yunifolomu ya unesi anatopa ndi kudikira, maso n'kugwera pa foni ya mayi amene anali patsogolo pake.

"Pepani amayi, foni yabwinobwino iyi mwabwera nayo kuno? Galasi lake lilibe ndi mng'alu womwe."

"Sinawonongeke, asisi. Bambo akunyumba agula yatsopano, ya makamera atatu ija, ndiye iyi andisiyira ine."

"Eee, muli ndi mwayi! Anga akagula yatsopano, yakale amakagulitsa."

"Mwayi? Asanandipatse anadzitsekera nayo kuchipinda, ati akuikonza. Potuluka nayo, mulibe chithunzi, mulibe uthenga, yoyera ngati mbale yotsuka."

"Mwina amafuna kuti mupeze malo osungira zanu."

"Nanenso ndinatero. Koma foni imazolowera zala za mwini wake. Mukalemba liwu limodzi, iyo imakupatsani lotsatira, lomwe iwo ankakonda kulemba."

"Ndiye yakupatsani lotani?"

"Dzulo ndimalembera mchemwali wanga kuti 'Ndikuimbira'. Foni payokha n'kundibweretsera 'akagona'."

"Aaa! Komatu musafulumire. Mwina amanena ana."

"Ana ati? Wotsiriza anakwatiwa chaka chatha. Munthu wogona m'nyumba muja ndine ndekha."

Nesi uja anayang'ana foni yake yomwe, kenako n'kuilowetsa m'thumba.

"Ndiye mwabwera kuti akufufutireni mawuwo?"

"Kufufuta? Ndabwera kuti andiuze ngati zimene bambowo anafufuta zingabwerere."

"Nanga akati sizingatheke?"

"Palibe kanthu, asisi. Lero sindigona."